Ngamila Yosamva Ng'oma ya Sultani Roble

"Ng'oma yanga ikalira," anatero Sultani Roble mwana wa Gedi, uku akusisita ndevu zake zofiira, "dziko limaima. Woyenda amaima, wothamanga amaima, wakuba amaima pamodzi ndi womuthamangitsa. Pansi pa thambo pano palibe chamiyendo chimene chingasunthe ine ndisanatsitse ndodo iyi."

Nduna zonse zinawomba m'manja. Ina inalira misozi yeniyeni, ndipo mawa lake anaikweza pa udindo.

Izi zinkachitika kalekale m'dziko la Imapompo, m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene zombo zimabwera ndi mphepo kudzagula lubani ndi zikopa, n'kudikira mphepo ina kuti zibwerere kwawo. Roble analowa ufumu mosavuta. Akulu ake onse anali ndi m'mimba mosalimba, ndipo aliyense wa iwo anatsikira kulichete atangodya chakudya kunyumba kwa mng'ono wakeyo. Nkhondo anamenyapo imodzi. Anafika pamalo ankhondo adani atasamuka kale kukasaka msipu, iye n'kugonjetsa phulusa la moto wawo, n'kubwerako ndi dzina loti Mkango wa Kuchipululu.

Koma chimene chinamukomera mu ufumu wonsewo ndi ng'oma. M'masiku a agogo ake, ng'oma yachifumu inkalira Lachisanu lokha, Sultani akamatuluka mumzikiti. Anthu ankaima pang'ono mwaulemu, kanthawi kongomezera malovu, kenako aliyense n'kupitiriza zake. Roble anaona kuti chinthu chokoma chotere sichiyenera kudikira Lachisanu. Inayamba kulira akadzuka, akakhuta, akayetsemula, ngakhale hatchi yake ikabereka.

Bwalo la nduna linakhala pansi kuti lilongosole bwino lamulolo. Za miyendo ndi manja sizinavute, zimenezo ziziuma ngati mitengo. Mkangano unabuka pa kamwa. Ena ankati nayonso izitsekedwa, mpaka Waziri Hirsi, nduna yaikulu, munthu wamimba yotsogola ngati ikudziwa njira, anaimirira.

"Abale anga, tikatseka pakamwa, Mbuye wathu azitamandidwa ndi chiyani? Ndi zigongono?"

Kamwa inapulumuka choncho. Anagwirizananso kuti ng'oma siima ndi mawu a munthu, ngakhale a Sultani mwiniwake, koma pokhapokha woyimba aone ndi maso ake ndodo yachifumu ikutsika. Woyimba wina anaisiyapo atangomva Sultani akuti "basi", ndipo anamutumiza kukakumba mchere ku Sabwera. Dzina la malowo silinama. Tsiku linanso Sultani ananamizira kupunthwa ng'oma ikulira, msilikali wina wamtima wabwino n'kumuwakha. Nayenso anapita ku Sabwera. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti Mbuye amayesa anthu.

Anthu a ku Imapompo sanadandaule, anangozolowera. Ankayenda motsata mthunzi, kuopa kuumitsidwa padzuwa. Theka la amuna a mumzinda ankayenda ndi mutu wometedwa mbali imodzi, mpaka anyamata anayamba kumeta choncho mwadala. Mwana wina anabadwa ng'oma ili mkati molira, ndipo poti linali tsiku lake loyamba m'dzikomo, anangomupatsa chenjezo. Nkhuku ndi mbuzi zinkayenda ndithu, koma asilikali ankayang'ana kumwamba, ndipo chimene msilikali sanaone sichinachitike.

Mumsika wa mzindawo munali mayi wina wamasiye, dzina lake Timiro, wogulitsa mkaka wa ngamila. Mwamuna wake anamusiyira mphasa, mangawa a mawu okoma, ndi ngamila imodzi yaikazi yotchedwa Ndafika. Ndafika inali munda wake, nkhokwe yake ndi mnzake wocheza naye. Inali ndi khalidwe lake. Ukaimangirira chingwe chotungira madzi pachitsime, sinkasuntha ndi chikwapu, sinkasuntha ndi kukuwa. Inkadikira nyimbo ya Timiro. Ikamva nyimboyo inkayenda n'kukoka thumba lachikopa kuchokera pansi, ndipo inkaima pokhapokha Timiro aisisite pakhosi.

Tsiku la tsokalo Timiro ankachokera nayo kubusa, bere litadzaza, kamwana ka ngamilayo katamangidwa pakhomo kuseri kwa msika. Atafika pamsewu waukulu, ng'oma inalira. Gu! Gu! Gu! Sultani anali atatuluka kudzaonetsa anthu mkanjo watsopano. Msika wonse unauma. Timiro anauma mwendo umodzi uli m'malere.

Ndiye kamwana kaja kanalira kuseri.

Ndafika inatembenuza khosi, n'kuyamba ulendo. Timiro anaganiza msanga: ndikagwiritsa chingwe indikoka, ndipo woyenda ndikhala ine. Anatambasula zala pang'onopang'ono, chingwe n'kupulumuka. Ngamila inadutsa asilikali, inadutsa onyamula maambulera achifumu, inatsomphola mtolo wa masamba pamutu pa mayi wina, n'kukadutsa pamaso penipeni pa Sultani, kumuphimba dzuwa. Apa panalibe kumwamba koti msilikali n'kuyang'ana. Ndafika inali italowa kale kumwambako.

Mlandu unazengedwa ndi Kadhi Odowa, woweruza wamkulu, nkhalamba yowonda yomwe inkadziwa malamulo onse komanso inkadziwa mbali imene mphepo ikuwombera. Ngamila anaiimika pabwalo, ikubzikula.

"Mayi, ngamila iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bambo, ngakhale iyo imaganiza kuti ine ndine wake."

"Inamva ng'oma kapena sinamve?"

"Ifunseni, bambo, ili pompano. Ine ndinamva, ndipo mwendo uwu ukundipwetekabe."

Anthu anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedera. Kadhi anatsokomola.

"Munaiphunzitsa lamulo?"

"Ndinayesa, bambo. Ndinkaiuza kuti, Ndafika mwanawe, m'dziko muno anzako a miyendo iwiri anasiya kuyenda, iwe wa inayi ukudzitenga ngati ndani? Koma mukudziwa inu mayi woyamwitsa. Mwana akalira, ngakhale bingu salimva."

Waziri Hirsi anadzuka, mimba patsogolo. Anati nkhaniyi si yoseketsa. Ngamila imodzi ikayenda lero, mawa ziyenda ziwiri, mkuja abulu, ndipo mapeto ake anthu adzayamba kufunsa chifukwa chimene aimira. Anakumbutsa bwalo kuti Lachisanu likudzalo Sultani atsekulira chitsime chatsopano, chachikulu kuposa zonse, pamaso pa kazembe wochokera kutsidya kwa nyanja. Pafunika nyama yaphwando. Pafunikanso ngamila yokoka thumba loyamba la madzi, poti ngamila zonse zachifumu zinapita kukacheza kukhola kwa Waziri ndipo zinaiwala njira yobwerera. Mbali yomalizayi sanainene iye, anainena anthu pobwerera kwawo.

"Ntchito ziwiri, ngamila imodzi," anatero Waziri. "Itunge madzi, kenako ilowe mumphika. Kumeneko ndiye kusamala chuma cha dziko."

Kadhi anayang'ana nkhope ya Sultani, naona kuti chilungamo chili mbali yomweyo. Anagamula momwemo. Ndafika anaitsekera m'khola lachifumu, ndipo atamva kuti situngira munthu wina, analamula Timiro kuti adzabwere Lachisanu kudzaiyimbira.

Timiro anatuluka pabwalo mutu uli mmwamba, koma atafika pakhomo anakhala pansi n'kulira. Kamwana ka ngamila kankamununkhiza m'manja. Anakapatsa mkaka wa mbuzi, kanalavula. Anakapatsa phala, kanamuyang'ana ngati wakatukwana. Anadziwa kuti mpeni wa Lachisanu udula makosi awiri, ndipo lachitatu likhala lake, pang'onopang'ono, ndi njala.

Mawa lake anapita kumsika wopanda chogulitsa, n'kukakhala pambali pa Ebla, mnzake wokazinga nsomba. Nsomba za Ebla zinkapserera kawirikawiri chifukwa cha ng'oma, moti anthu a mumzindawo anayamba kuuza alendo kuti nsomba yamakala ndiye chakudya cha makolo awo.

"Anzanga, musalire," anatero Ebla. "Mwina kazembeyo sadya ngamila."

"Akakana iye, Waziri adya mbale ziwiri."

"Iii, ameneyo! Mwaiona nyumba yake? Yamera ina pamwamba. Miyala yoyera bwino, yosemasema."

"Anaitenga kuti?"

Ebla anatembenuza nsomba, n'kutsitsa mawu. "Bambo a kunyumba kwanga ndiwo amamanga khoma la pakamwa pa chitsime chatsopanocho. Akuti miyala inkabwera m'mawa, madzulo n'kumera miyendo. M'dziko muno chimene chimaloledwa kuyenda ndi miyala yokha. Ndiye anawauza kuti aumbe ndi dothi, apake njereza. Akuti chikuwala ngati dzino la mkwatibwi, koma musadzatsamirepo."

"Ine kutsamira? Ndidzakhala ndili chilili ngati mzati, ndikuyimbira mwana wanga nyimbo yopita nayo kumpeni."

"Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, anzanga."

"Imeneyi ndi yachikopa cha ng'ombe yokalamba. Tidzang'ambika ndife."

Lachisanu mzinda wonse unasonkhana pachitsime, pamwamba pa kamtunda koyang'ana kumsika. Kazembe anamukhazika pamalo aulemu, munthu wamfupi wa maso ochenjera, amene anali ataona mafumu ambiri ndipo sankadabwanso. Thumba lachikopa, lalikulu loti munthu n'kukhalamo, analitsitsira m'madzi, chingwe chake n'kuchimangirira kwa Ndafika. Ngamilayo inali itaonda, koma bere linali tuu, mkaka ukudontha mumchenga. Timiro anamuimika pafupi ndi khoma la chitsime, pakati pa Kadhi ndi Waziri. Chapatali pang'ono wopha nyama ankanola mpeni pamwala, osafulumira.

Sultani anatulukira atavala nduwira yaitali ngati chulu. Anakweza ndodo, ndipo Bulhan, woyimba ng'oma, anayamba. Gu! Gu! Gu! Khamu lonse linauma. Kazembe nayenso anauma, poti anali atauzidwa za ku Sabwera.

Sultani anayenda yekha pakati pa anthu ouma aja, akumwetulira. Anafuna kuti mlendo aone bwino, choncho anakwera pakhoma loyera lija, n'kutambasula manja.

"Taona, mlendo! Kwanu kuli mfumu yotere? Pansi pa thambo pano palibe chamiyendo chimene..."

Khomalo linayankha lisanamve mapeto. Linangoti phwa! Kunaoneka fumbi loyera, kunaoneka nsapato ziwiri zikuloza kumwamba, kenako kunamveka phava! pansi patali.

Palibe anasuntha. Bulhan anayang'ana pamene panali ndodo, sanaione ikutsika monga mwa lamulo, anangoona yasowa. Anakumbukira mnzake wa ku Sabwera, n'kuwonjezera mphamvu. Gu! Gu! Gu!

"Nditulutseni!" Mawu anachokera pansi, onenepa ngati a munthu wolankhulira mumtsuko. "Siyani ng'omayo! Hirsi!"

Thukuta linatsika pamphumi pa Waziri. Anayankha osatembenuza khosi. "Mbuye wanga, tadziwa kuti mukutiyesa. Simutipeza olakwa. Taima nji!"

"Sindikukuyesani, galu iwe! Madzi ali m'khosi!"

"Mayeso a lero ndi akuya, Mbuye, koma tipambana!"

Ndiye Waziri anakumbukira ntchito ya kamwa, n'kufuula, "Akhale ndi moyo wautali Mkango wa Kuchipululu!" Khamu lonse linalandira. Anthu amene zaka zonsezi ankatamanda ngati akutafuna mchenga, tsiku limenelo anatamanda ndi mtima wonse. Amayi analulutira. Sikunamvekepo chikondi chotere mu Imapompo.

Timiro, pamene anaimapo, ankatha kuona m'chitsimemo ndi ngodya ya diso. Sultani anali ataima chonyang'ama, madzi ali pachibwano, dzanja limodzi litagwira thumba, linalo likugwedeza ndodo kumene Bulhan sakanaiona. Nduwira inkayandama payokha, kachule katakwerapo kale. Timiro anayang'ana wopha nyama, wouma ndi mpeni wake m'manja. Anayang'ana Ndafika. Ananyowetsa milomo.

"Mbuye wanga," anaitana, "muli bwanji kumeneko?"

"Ndani ameneyo?"

"Ndine Timiro, kapolo wanu, mwini wa ndiwo za lero."

"Mayi, thamanga! Koka chingwe!"

"Ha, Mbuye, ine ndithamange ng'oma ikulira? Ine ndine mayi womvera. Mchere wa ku Sabwera umandiwawa m'maso."

"Ndakulola ine!"

"Mwalola ndi pakamwa, Mbuye, koma lamulo lanu limati ndodo. Si choncho, bambo Kadhi?"

Kadhi sankadziwa kumene mphepo ikuwombera, poti m'chitsime mulibe mphepo. "Lamulo likutero," anatero motsitsa.

Pansi panamveka kubwibwinya ndi kulavula. "Ndiye ndife muno? Palibe ndi mmodzi yemwe woti n'kusuntha m'dziko langa lonse?"

"Alipo mmodzi, Mbuye. Bwalo lanu lomwe linamupeza kuti samva ng'oma. Ndipo mwamwayi chingwe cha thumba mwagwiralo chili pamsana pake."

"Iuze ikoke!"

"Ndingaiuze, poti kamwa munatisiyira, Mulungu akudalitseni. Koma taganizani, Mbuye. Munthu anakuweruza kuti ufe chifukwa choyenda, lero akuti yenda. Ngakhale ngamila ili ndi mutu. Ikuona mpeni uwo. Ikuti, ndikakoka thumba ili ndiye kuti ntchito yanga yoyamba yatha, yatsala yachiwiri."

"Siphedwa! Ndaikhululukira!"

"Bambo Kadhi, mwamva? Makutu anga ndi aumphawi, sasunga mawu a mafumu."

"Ndamva," anatero Kadhi. "Chigamulo chafufutidwa."

"Nanga mawa, Mbuye? Ng'oma idzaliranso, mwana adzaliranso."

"Iyende! Lero, mawa, mpaka kalekale! Iyende kumene ikufuna, ndipo woigwira adzaona Sabwera! Mayi iwe, madzi alowa m'mphuno!"

"Bambo Kadhi?"

"Lalowa m'malamulo," anatero Kadhi, ndipo ndevu zake zinkanjenjemera mokayikitsa.

"Lowani m'thumbamo, Mbuye, mugwire chingwe ndi manja onse awiri. Onse awiri, chonde, chimaterera."

Sultani anataya ndodo, n'kudzipinda m'thumba ngati mwana wa mbuzi wopita kumsika. Ndodo yachifumu inatsala ikuyandama pambali pa nduwira.

Timiro anayamba nyimbo yake ya masiku onse.

"Koka, mwana wa amayi, koka,
madzi ali pansi, ludzu lili pamwamba.
Koka, wamiyendo yaitali,
wakudikira ali pakhomo."

Ndafika inatukula makutu. Inaponya mwendo, kenako wina. Chingwe chinati nga! Khamu linkatamandabe, ng'oma inkalirabe, ndipo pang'onopang'ono pakamwa pa chitsime panatulukira dazi lachifumu, limene anthu a ku Imapompo anali asanalionepo, likunyezimira padzuwa. Kenako ndevu zodontha, kenako mawondo. Thumba linatulukira pamene panagumuka paja, n'kutsetserekera pamchenga, Sultani ali momwemo.

Apa ndi pamene Timiro ankayenera kuthamanga kukaisisita ngamila pakhosi kuti iime. Koma ng'oma inali ikulira, ndipo Timiro, monga ananenera yekha, anali mayi womvera.

Ndafika inadikira dzanja lija, silinabwere. Inanunkhiza mphepo yochokera kumsika. Bere linkawawa. Inatembenuka, n'kuyamba kutsika kamtunda kaja ndi kuyenda kwake kwaulemu, kopanda changu, thumba likukwekwereka pambuyo.

"Iimitseni!" anakuwa Sultani, mchenga uli m'kamwa. "Igwireni! Bulhan, siya!"

Anakweza dzanja kuti atsitse ndodo, n'kupeza kuti m'dzanjamo mulibe kanthu. Bulhan anayang'anitsitsa dzanja lopanda ndodolo, n'kupitiriza ntchito yake. Asilikali anali atamva ndi makutu awo chimene chidzagwere wogwira ngamilayo, choncho anachita zimene ankazidziwa bwino, anayang'ana kumwamba. Thumba linadutsa pamapazi pa kazembe, yemwe anaweramitsa maso okha mwaulemu.

Kadhi analankhula ndi ngodya ya pakamwa. "Mayi, kodi imaima pati?"

"Pakhomo panga, bambo. Koma akafika ayambe adikira, mwana ayamwe kaye."

Ng'oma inkalirabe. Dziko lonse la Imapompo linali litaima chilili, ndendende monga Sultani ananenera, kuyambira pachitsime mpaka kunyanja. Ndipo pakati pa anthu oumawo, mumsewu waukulu wopita kumsika, munkayenda ngamila imodzi, ikukoka Mkango wa Kuchipululu m'thumba lamadzi, mbali zonse ziwiri anthu akumufunira moyo wautali.